Mthunzi wa madola khumi ndi anayi

Ku Yuma mwezi wa Julaye
dzuwa silichita kutuluka, limachita kukugwera.
Ntchito yanga ndi yokonza makina oziziritsa nyumba za eni.
Ndimakwera padenga kusanache bwino,
pikapu nditaisiya pamtetete,
ndipo ndikamatsika masana
eni nyumba ali pakamphepo kayaziyazi,
ine ndikutsegula chitseko cha uvuni.

Chiwongolero ndimachigwira ndi zala ziwiri.
Cholembera chinapindika chokha pa dashibodi,
dashibodiyo inang'aluka ngati chidendene.
Zonsezo ndinkangoti ndi mmene kulili kuno.
Koma Lachiwiri Itzel, mwana wanga wa zaka zisanu,
anakhalira chitsulo cha lamba.
Sanalire msanga.
Anayamba wandiyang'ana kaye.
Chipsera chikadali pantchafu, kofiira, ka makona anayi.

Ndiye ndili pano m'sitolo ya zipangizo za galimoto,
thukuta likuumira pamsana,
ndaima kakasi pamaso pa mithunzi yogulitsa.

Pali chasiliva chopindapinda, chochindikala,
koma ukachichotsa chimafuna mpando wakewake,
ndipo mpando wotsalawo ndi wa Itzel.
Pali cha mikombero iwiri ya waya
chimene umachipotokola mpaka chikhale ngati mbale.
Chotere chinamufwamphukira kumaso Rigoberto
n'kumuthyolera mandala, mpaka lero timamuseka.
Pali chomatira pagalasi ndi timphira.
Mayi Ofelia a pakauntala akupukusa mutu:
"Timphirato dzuwa la kuno limatidya sabata imodzi,
mudzachipeza chitagona pamiyendo ya chiwongolero."
Kumapeto kuli chojambulidwa maso aakulu a chidole.
Ndikudziwa amene akanasankha chimenecho.
N'chopyapyala, ndikuona dzanja langa kuseri kwake.

"Galasi lanu n'lalikulu bwanji?"

Ine, munthu wogona ndi tepi m'chiuno,
woyeza madenga a anthu tsiku ndi tsiku,
galasi langa sindinaliyezepo.
Ndikutuluka. Phula likumata kunsapato.
Ndikutambasula tepi, ikundiotcha chala,
nambala ndikuilemba pakhungu la dzanja
poti pepala ndilibe.

Ndili chiimire pomwepo ndikukumbukira bambo.
Nyengo yozizira ankadula letesi, chilimwe ankasenza mavwende,
ndipo galimoto yawo yakale ija
ankaiphimba kumaso ndi katoni ya mavwende omwewo,
yong'ambidwa ndi mpeni, yoboola pa kalilole.
"Mthunzi sagula," ankatero,
"ukayamba kugula mthunzi, mawa ugula mpweya."
Anamwalira asanaone kuti mpweyawo
ndi umene mwana wawo akudyera.

Ndabwerera. Ndatenga chopindapinda chija,
chachikulu pang'ono kuposa nambala ya padzanja.
Ofelia akuti kuchepa ndiye vuto,
chikakula umangochikankhira m'makona.
"Kowala kuyang'ane kunja. Musaseke,
alipo amabwera kudzadandaula atachitembenuza."
Madola khumi ndi anayi. Pepani bambo.

Malo osungira ndawapeza kuseri kwa mpando,
ndachotsako mabotolo ndi magolovesi osiyana anzake.
Pakadali kampata pafupi ndi kalilole
pamene dzuwa limalowetsa chala chimodzi,
n'kuchiyendetsa pang'onopang'ono pampando
ngati likufunafuna chimene linataya.
Lilowetse. Chala si nkhonya.

Madzulo Itzel anachiyang'ana, n'kuchiona kuti chilibe nkhope.
Anatenga chekeni chakuda,
najambula maso awiri, lina lalikulu lina laling'ono,
nsidze zitatu mbali imodzi.
Tsopano ndikakhala padenga n'kusuzumira pansi
pikapu imandiyang'ana chammbali,
ngati ikufunsa kuti nditsika nthawi yanji.

M'katimo mukutenthabe, sindinama.
Koma ndi kutentha koti munthu n'kukhalamo.
Ndipo mwanayo asanakwere
ndimayamba ndagwira chitsulo cha lamba
ndi chikhatho chonse,
n'kuwerenga mpaka kasanu.